Kodi kuyenda ndawala kumasintha mahomoni ochokera m'mafuta ngakhale thupi lisanatsike?

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ndipo kwa miyezi 4 tsopano ndakhala ndikuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata. Shuga wa m'mawa watsika ndithu, koma pa sikelo palibe chasintha.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi: mafuta a m'thupi sangokhala phee, amatulutsa mahomoni. Adiponectin imathandiza insulin kugwira bwino ntchito, ndipo imachepa mwa anthu onenepa, pomwe leptin imachuluka mafuta akachuluka. Ndiye kodi kuyenda pakokha kungakweze adiponectin, kapena mpaka mafuta a pamimba ayambe achepa kaye? Azaumoyo muli muno, ndi ena amene munayezetsapo, kusinthako kumayamba kuoneka pakapita nthawi yaitali bwanji?