Nsato yanga ija yayambanso kudya

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha za nsato yanga yaing'ono ya mtundu wa ball python, ija inkangodzipinda ngati nkhata n'kubisa mutu pakati ndikangotsegula bokosi lake, chakudyanso osachilabadira.

Ndinatsatira malangizo oti ndisiye kaye kuigwira ndipo ndiiikire pobisala pawiri, pena kumbali yofunda, pena kumbali yozizira. Pobisalapo pazikhala pothina, poti thupi lake lizikhudza m'mbali monse. M'menemo ndi m'mene imamvera kuti yatetezeka. Ndinaphimbanso mbali zitatu za bokosi lake lagalasi ndi pepala lakuda. Usiku wina ndinaipeza yatuluka yokha, ikuyenda mwachifatse, lilime likutuluka pang'onopang'ono, ndipo mbewa imene ndinaipatsa inameza osazengereza. Mtima wanga unakhala pansi.

Kwa amene njoka yanu ikuchita zomwezi: si nkhanza ayi, ndi mantha. Dzanja lochokera pamwamba imaliyesa mbalame yolusa, choncho muziifikira cham'mbali n'kuinyamula pakati pa thupi. Ikapinda khosi ngati chilembo cha S n'kumauzira mpweya mwamphamvu, isiyeni. Maso akachita mbuu ndiye kuti yatsala pang'ono kufundula ndipo sikuona bwino. Ikadya, dikirani maola 48 musanaigwire, apo ayi ikhoza kusanza.