Opaleshoni Lachiwiri likudzali, ndithandizeni mantha andigwira

Membala wosatchula dzina: Ma admin chonde dzina langa lisaoneke. Andiuza kuti Lachiwiri likudzali ndilowa kufiyeta, ndipo chindiuzireni tulo sindikutiona. Andipatsa pepala loti ndisadye kuyambira pakati pa usiku, koma pamene adokotala amafotokoza zina zonse mutu unali utaima, palibe chimene ndinagwirapo. Kunyumba nako zinthu sizili bwino. Bambo akunyumba akuti kuntchito awapatsa masiku awiri okha, chonsecho mng'ono wawo atathyoka mwendo anapeza sabata yathunthu. Alamu anga amene ndimadalira kuti adzandidikirira andiimbira dzulo kuti atanganidwa, anthu oti ndinawasungira ana miyezi itatu osadandaula. Mwana wanga ali ndi zaka 2, sagona osanyamulidwa. Abwana anga akungofunsa kuti ndibwerera liti. Ndiye pali mapiritsi amene ndimamwa m'mawa uliwonse, tsikulo ndimwe kapena ndisiye? Nanga ndikatuluka padzapita masiku angati kuti ndiyambe kudzigwirira ntchito?

Mayi wa mapasa: Achemwali MUSAYEREKEZE kugwira ntchito! Ine ndinasokedwa pamimba, tsiku lachisanu ndinawerama kuti ndinyamule ndowa ya zovala zonyowa chifukwa panalibe wondithandiza. Ndinamva ngati china chaduka. Poyang'ana bandeji inali itanyowa, timadzi tofiirira tikutsikira m'chiuno. Ndinakasokedwanso kachiwiri. Amuna anuwo akukunamizani, tchuthi akhoza kupeza. Inu kagoneni pabedi MWEZI WATHUNTHU osadzuka, aone okha.

Namwino wopuma: Amayi, opaleshoni yake ndi ya chiyani? Mapiritsiwo dzina lake ndi chiyani? Popanda ziwirizi palibe angakuyankheni zoona. Ena a BP amamwedwa m'mawa womwewo ndi timadzi pang'ono, ena ayi. A shuga amawasintha chifukwa mukhala osadya. Akakhala warfarin, oletsa magazi kuundana aja, nthawi zambiri amaimitsidwa masiku 5 opaleshoni isanachitike, ndiye nthawi yatha kale. Musasiye kapena kupitiriza mwa nokha. Funsani lero kumene anakupatsani tsikuko, ndipo muwaonetse mapaketi onse, ngakhale mankhwala azitsamba ndi olerera.

Bambo wa ana anayi: Nkhani iliyonse m'gulu muno imathera pa amuna. Munthuyo akachotsedwa ntchito mudzawalipirira ndinu lendi? Ine akazi anga atachitidwa opaleshoni ndinkachapa usiku ndikaweruka, palibe anandiyamikira.

Mayi wa mapasa: Bambo inu mukufuna mendulo chifukwa chochapa zovala za ana anu omwe? Mwasokedwapo inu? Khalani chete.

Mlongo wanu: Zosadyazo mverani ndithu. Ine njala inandipweteka, ndinadya pang'ono mobisa m'mawa. Atandifunsa ndili kale pa kabedi ka matayala nditavala chovala chawo chija, ndinaulula. Anandibweza pakhomo pa fiyeta penipeni, tsiku lina ndinalipeza patapita milungu itatu. Ndinalira.

Namwino wopuma: Anakuchitirani zabwino. Munthu akagonetsedwa, za m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo zimenezo zimapha. Malo ambiri amati chakudya musiye maola 6, madzi oyera maola 2, koma inu tsatirani zomwe zili papepala lanu. Zogona mwezi wathunthu zija ayi. Munthu akangogona osayenda magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, kachidutswa kakathothoka kamakatseka m'mapapo. Kuyenda pang'onopang'ono m'nyumba n'kofunika. Choletsedwa ndi kunyamula zolemera, ikakhala ya pamimba kawirikawiri milungu 4 mpaka 6.

Mayi wa mapasa: Anamwino ndinu omwe munandiuza kuti yendani yendani, bala n'kutseguka. Ine ndikunena zomwe NDINAONA ndi maso anga, osati za m'buku.

Namwino wopuma: Mwanena nokha kuti munanyamula ndowa, mayi. Kuyenda ndi kunyamula n'zosiyana.

Mnyamata wa pa gulu: Chachikulu aunt, podzuka ku mankhwala ogonetsa aja pakamwa sipakhala pa breki. Alamu anuwo bola asabwere, mungawauze zonse mwalemba apazi 😂

Mayi wa mapasa: Mwana iwe, munthu akulira iwe ukuseka? Ma admin anthu ngati awa mumawasungiranji?

Agogo a Junior: Mwana wanga, palibe wanena za kuchimbudzi. Mankhwala opha ululu amphamvu aja, tramadol ndi codeine, amadzimbitsa. Ine ndinatha masiku anayi, ndikuopa kudzikakamiza chifukwa cha ulusi. Uzimwa madzi ambiri, ndipo upemphiretu mankhwala ofewetsa usanatuluke. Pokhosomola kapena poyetsemula uzikanikiza pilo pabalapo. Mwanayo usamunyamule, ukhale pansi iye azikwera yekha pambali pako.

Membala wina: Musadzimete nokha ndi lezala pamalopo, timabala tating'ono timalowetsa tizilombo, akafuna ameta okha. Kyutekisi chotsani chifukwa kachipangizo kopima mpweya amakapanira pachala. Mphete ndi ndolo zisiyeni kunyumba.

Bambo wa ana anayi: Ndipo usiku woyamba pakhale munthu wamkulu, inuyo musayendetse galimoto maola 24. Apa ndiye masiku awiri a bambo aja agwira ntchito, si mwaona?

Mayi wa mapasa: Masiku awiri ndi chiyani? Tsiku lachitatu lake aphika ndani? Mwana amusambitsa ndani? Achemwali ndikubwereza, mukadzuka msanga anthu amati mwachira, ndiye simudzathandizidwanso. Ine mpaka lero kukazizira chipsera chimandiyabwa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, ndawerenga misozi ili m'maso. Alamu aja alemba pa status kuti anthu ena amakonda kudzimvetsa chisoni, ndikudziwa akunena ine. Bambo akunyumba ndawaonetsa ndemangazi, angotuluka panja osayankha. Pilo ndatenga, kyutekisi ndachotsa. Mapiritsi aja ndiye ndingomwa ngati masiku onse eti?

Namwino wopuma: Ayi amayi, sindinatero. Mukadzatuluka, bala likafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha kupyola 38, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pa katumba, kapena mukamabanika, mudzathamangire kuchipatala osadikira tsiku lochotsa ulusi. Koma za lero, tengani paketiyo muwerenge dzina lalembedwapo, muwauze adokotala anu dzuwa lisanalowe. Ndi mapiritsi anji?