Msilikali wogobedwa pa kamwala ka ku Etruria: tingamudziwe bwanji?

Funso:
Akuluakulu, timiyala ta ku Etruria, dera lakale la ku Italy, tosemedwa ngati kachikumbu tija timakhala ndi munthu wa chishango ndi chisoti kumimba kwake. Nanga munthu amadziwa bwanji kuti uyu ndi ngwazi ya m'nthano za Agiriki, osati msilikali wamba?

Yankho 1:
Yambani ndi zilembo za m'mbali mwa chithunzicho. Mayina ndi a Chigiriki koma opotozedwa, chifukwa chilankhulo cha anthu a ku Etruria chinalibe o, b, d ndi g. N'chifukwa chake Tydeus analembedwa Tute. Achilles ndi Achle, Ajax ndi Aivas, Herakles ndi Hercle. Onani kamwala kodziwika ndi dzina la Stosch, kamene kali ku Berlin, ka m'ma 400 BC: ngwazi zisanu mwa zisanu ndi ziwiri zimene zinaukira mzinda wa Thebes, aliyense ndi dzina lake pambali.

Yankho 2:
Dzina likasowa, yang'anani zimene akuchita. Wogwera pa lupanga lake ndi Aivas. Wogwada, mphezi ili pakhosi, nthawi zina chidutswa cha makwerero chili pambali, ndi Capne (Kapaneus m'Chigiriki) amene Zeus, mulungu wamkulu wa Agiriki, anamukantha pa linga la Thebes. Wa chibonga ndi chikopa cha mkango ndi Hercle. Koma wongowerama atagwira chisoti, musiyeni akhale msilikali basi. Ambiri amalakwa pomwepa, kukakamiza dzina pamene palibe chizindikiro.

Timiyalati n'tating'ono, kawirikawiri sentimita imodzi kapena iwiri, ndiye musadalire maso. Fewetsani phula kapena dongo loumbira, thirani pawuda pang'ono kuti lisamatirire, dindanipo kamwalako kamodzi osagwedeza. Mukagwedeza, mphezi ija imaoneka ngati mng'alu. Kenako walitsani tochi chammbali, muone ndi galasi lokulitsa ka 10.

Yankho 3:
Kungowonjezera, bwana. Timiyala totchedwa "a globolo", ta m'ma 300 ndi 200 BC, tinagobedwa ndi chobowolera cha msonga yobulungira, moti mutu, phewa ndi bondo zimangokhala timaenje tolumikizana. Nkhope palibe, zilembo n'zosowa, ndiye dzina musalifunefune.

Chenjeraninso ndi mphete imene kamwalako kaikidwamo. M'ma 1800 amisiri a golide ku Rome, monga a Castellani, ankaika timiyala totere m'zokongoletsera zatsopano, ena n'kumasema tabodza. Onani pabowo podutsa waya: ka kale kamakhala kodyeka m'milomo mwake.