Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika: wolakwa ndi ng'oma kapena woomba?

Wofunsa, ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka kwathu kunali chinkhoswe, ndiye ng'oma ina inang'ambika gule ali pakati. Agogo anga anangoti, "Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika." Ine ndinakula ndikudziwa kuti mwambiwu umadzudzula munthu wodzitama, wokonda kumveka paliponse. Agogo akuti ayi, ukunena za munthu waluso amene aliyense amamuthamangira mpaka kumufooketsa. Zoona ndi ziti?

Mphunzitsi wa sayansi, ku Sadzi:
Achimwene, tiyambe ndi ng'oma yeniyeniyo. Imalira chifukwa chikopa chikunjenjemera n'kumakankha mpweya, ndipo mafunde ake amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi kufika m'khutu mwanu. Koma kulira kuli pawiri. Mukaiwamba pamoto chikopa chimakungika, chimanjenjemera mofulumira, liwu limakwera. Mukamata phula pakati chimalemera, liwu limatsika. Pamene kukula kwa phokoso kumachokera ku mphamvu ya dzanja. Ndiye yong'ambika ndi imene yakungika kwambiri komanso ikumenyedwa mopanda chisoni. Inu mwaona kukungikako, agogo aona dzanjalo.

Mayi wa ku Matawale:
Ine ndili mbali ya agogo. Kwathu ku Jali timati "ng'oma yolira bwino", osati yoliritsa. Yosalira bwino imangokhala pakhonde zaka ndi zaka, ndani angaibwereke? Yabwinoyo lero ili ku ukwati, mawa ku chinamwali. Mayi anga ankandiuza mawuwa pondichenjeza kuti ndisamangovomera ntchito iliyonse ya kumpingo.

Namwino wopuma pa ntchito:
Aphunzitsi, muwonjezerepo kuti m'khutu mulinso kachikopa kopyapyala konga ka ng'oma. Kakabooka nthawi zambiri kamapola kokha pakapita milungu ingapo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi timaselo tokhala ngati tsitsi ta mkati mwenimweni mwa khutu, poti tikafa sitimeranso. Phokoso lopitirira madesibelo 85 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limatiwononga pang'onopang'ono. Anyamata a pachigayo ndi a zimbale za paukwati, chonde muzitseka m'makutu.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Amayi a ku Matawale, za "yolira bwino" sindinazimvepo, ndipo zikusinthadi tanthauzo lonse. Kodi alipo wa ku Domasi kapena ku Thondwe atiuze mmene amaunenera kwawoko? Ndikawafunsanso agogo madzulo ano.