Barcode yochokera ku Lambda ikukanika kuwerengeka ikasindikizidwa pa lebulo

Wapaboma

Ndikupempha nzeru kwa amene mudagwirako ntchito ndi AWS Lambda, njira ya kampani ya Amazon yoyendetsera kapulogalamu kanu (function) pa makina awo a pa intaneti pokhapokha kakaitanidwa. Ndikuthandiza gulu lina la amalonda kuno ku Mangochi limene limalongedza usipa ndi utaka wouma m'mapaketi, ndipo likufuna kuti paketi iliyonse ikhale ndi barcode yosonyeza tsiku lolongedzera komanso doko limene nsombazo zachokera. Popeza malebulo amasindikizidwa masiku ochepa okha pamwezi, ndidaona kuti kulipirira seva yoyaka usana ndi usiku n'kutaya ndalama, choncho ndidalemba function ya Node.js yogwiritsa ntchito bwip-js (pulogalamu yojambula ma barcode), ndipo functionyo imalandira nambala kudzera pa API Gateway (khomo lake la pa intaneti) n'kubweza chithunzi cha PNG. Pa kompyuta chithunzicho chikuoneka bwino ndipo foni ikuchiwerenga, koma chikasindikizidwa pa kapulinta ka malebulo, sikana ikuwerenga malebulo ena n'kumakana ena. Kodi vuto lili ku function, ku pulinta kapena ku sikana? Ndikufunanso kudziwa ngati mtundu woyenera wa barcode ndi EAN-13 kapena Code 128.

WakuMonkeyBay

Achimwene, Lambda ilibe mlandu pamenepa, chifukwa ngati chithunzi chikufika chathunthu mpaka foni kuchiwerenga, ndiye kuti za katumizidwe ka chithunzicho (base64 ndi Content-Type) mudazikonza kale. Maso anu akhale pa pulinta.

Mapulinta ambiri a malebulo amasindikiza timadontho 203 pa inchi, kapena kuti timadontho 8 pa milimita imodzi, ndipo sangasindikize theka la kadontho. Function yanu ikatulutsa chithunzi cha kukula kwina, kenako pulogalamu yosindikizira n'kuchikoka kapena kuchifinya kuti chikwane pa lebulo, mzere umene umayenera kukhala wa timadontho tiwiri ndi theka umatuluka pena wa tiwiri, pena wa titatu. Sikana imayerekeza kunenepa kwa mizere yakuda ndi mipata yoyera, choncho kusokonekera kumeneku kumaipangitsa kudodoma, ndipo chifukwa chimene malebulo ena akuwerengekera pamene ena akukanika n'chakuti nambala iliyonse ili ndi kasanjidwe kake ka mizere. Tengani lebulo lokanikalo muliyang'ane pafupi ndi kamera ya foni, muona mizere yoonda ili yosiyana kunenepa.

Konzani kuti pixel imodzi ya chithunzi igwe pa kadontho kamodzi ka pulinta. Mzere woonda kwambiri ukhale wa timadontho 2, omwe ndi 0.25 mm, kapena 3 ngati malo alipo, ndipo muzimitse chilichonse chimene chimasintha kukula kwa chithunzi posindikiza. Kumanzere ndi kumanja kwa Code 128 kumafunika mpata woyera wosachepera ka 10 kunenepa kwa mzere woondawo. Muikenso backgroundcolor (mtundu wa kumbuyo kwa mizere) yoyera, chifukwa bwip-js ikapanda kuuzidwa imasiya kumbuyo kwa mizere kopanda mtundu. JPEG musaiyandikire n'komwe, imapaka utsi m'mphepete mwa mizere.

MayiWaNamwera

Pa funso lanu lachiwiri, bambo, mitundu iwiriyi ili ndi ntchito zosiyana. EAN-13 ndi manambala 13 okha osonyeza mtundu wa katundu, ndipo manambalawo munthu sangodzipangira, amaperekedwa ndi bungwe la GS1. Tsiku ndi doko mulibe mozilowetsa. Manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 adasiyidwira ntchito ya m'kati mwa sitolo kapena kampani, koma ngati gululo likulinga zodzagulitsa m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre kapena Lilongwe, lidzafunika nambala yolembetsa.

Zimene mwafotokozazi n'za Code 128, imene imalandira zilembo ndi manambala omwe, ndipo bwip-js imawerengera yokha chizindikiro chotsimikizira cha kumapeto. Chenjerani ndi utali wake basi. Chilembo chilichonse chimadya malo okwana ka 11 kunenepa kwa mzere woonda uja, ndipo pa lebulo la 50 mm, mzerewo ukakhala wa 0.25 mm, mukachotsa mipata ya m'mbali ndi zizindikiro zoyambira, zotsimikizira ndi zomalizira, mumatsala ndi malo a zilembo pafupifupi 13. Manambala okhaokha amalowa awiriawiri m'malo a chilembo chimodzi, choncho m'malo molemba dzina la doko lonse, lipatseni nambala ya manambala awiri, dzinalo mulilembe m'munsi kuti anthu aziwerenga ndi maso.

Wapaboma

Zikomo kwambiri nonse awiri. Pulogalamu yosindikizira imachikokadi chithunzicho kuti chidzaze lebulo lonse. Kodi QR, barcode ya timabokosi ija, singathetse vuto la utalili?

MkuluWaMakawa

QR imanyamula zambiri ndipo imatha kuwerengekabe mbali ina itafufutika, koma ngati sikana yanu ndi ija yotulutsa kamzere kofiira ka laser, siingawerenge QR, pamafunika sikana ya kamera.

Ine nkhawa yanga ili pena, achimwene. Kulongedza kumachitikira kufupi ndi nyanja, kumene netiweki imabwera n'kupita, ndipo inu mwaika ntchito yojambula mizere pa makina a kutali, ngakhale mutasankha a ku Cape Town amene AWS idatsegula mu 2020. Netiweki ikagwa, anthu akhala manja lende, mapaketi ali mbwee. Dziwani kuti bwip-js yomweyo imagwiranso ntchito m'browser, ndipo mapulinta amene amamva ZPL, chinenero cholamulira mapulinta a malebulo, amajambula okha Code 128 mukangowatumizira lamulo la ^BC ndi nambala, zimene zimachotseratu vuto la timadontho lija. Lambda ndingaisiyire ntchito imene imafunikadi malo amodzi, yopereka manambala osabwerezeka kwa olongedza a madoko osiyanasiyana ndi kusunga kaundula wake, ndipo manambalawo angatengedwe ambiri nthawi imodzi pamene netiweki ilipo.

Ngati mukufunabe kuti zithunzi zizichokera ku function, ikani malire pa utali wa zimene ikulandira, ndipo adiresi yake isakhale yotsegukira aliyense, chifukwa Lambda imalipiritsa potengera kuchuluka kwa maulendo amene yaitanidwa komanso nthawi imene yagwira ntchito. Funsaninso za pepala. Malebulo osindikizidwa ndi kutentha kokha amada akakhala padzuwa, ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa. Pa mapaketi amene akayalidwe pamsika, gulani pulinta ya riboni (yosindikiza ndi kansalu ka inki) ndi malebulo osalowa mafuta, popeza usipa wouma umatulutsa mafuta.