Kodi mfundo za boma zokhudza eni nthaka zimalepherera pati?

Wofunsa:
Ndakhala ndikuwerenga za Australia ndi Canada, kumene eni nthaka analandidwa malo ndi atsamunda ndipo lero alipo ochepa poyerekeza ndi obwera. Maboma akumeneko amalemba mfundo zabwino ndithu, koma anthu amene mfundozo zikuwakhudza akudandaulabe kuti m'maofesi simukusintha kanthu. Kodi vuto lili ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo ngati ndi choncho angathandizidwe bwanji?

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndikuona kuti poyambira ndi maphunziro. Mu 2015, bungwe la Truth and Reconciliation Commission la ku Canada, lomwe linkafufuza nkhanza zimene ana a eni nthaka anachitiridwa m'sukulu, linapereka mfundo 94 zoti zitsatidwe, ndipo ya nambala 57 imapempha kuti ogwira ntchito m'boma aphunzitsidwe mbiri ya eni nthaka, kuphatikizapo ya sukulu zogonera komweko zimene ana ankatengeredwako mokakamiza. Munthu wosadziwa mbiri imeneyi sangamvetse chifukwa chake kholo limachita mantha likaona wa boma pakhomo.

Mlembi wakale:
Bambo mphunzitsi, maphunzirowo sindikuwakana, koma taganizirani za Jordan River Anderson, mwana wa eni nthaka a mtundu wa Cree wa m'chigawo cha Manitoba ku Canada. Madokotala atanena kuti akhoza kutuluka m'chipatala n'kumakasamalidwa panyumba, boma lalikulu ndi boma la chigawo anayamba kukankhirana udindo wolipira chisamalirocho, ndipo anakanganabe kwa zaka zoposa ziwiri mpaka mwanayo anamwalirira m'chipatala momwemo mu 2005, ali ndi zaka zisanu. Amene ankasunga mapepala ake sanali anthu ankhanza ayi; aliyense ankangoteteza bajeti ya ofesi yake monga malamulo ankamuuzira. Mu 2007 nyumba ya malamulo inavomereza kuti ofesi imene yayamba kufikiridwa izilipira kaye, zobwezerana ndalama zizibwera pambuyo. Komabe mu 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu linapeza kuti boma linapanikiza mfundoyi kwambiri moti ana ambiri sankathandizidwa nayo. Choncho wantchito angaphunzire mbiri yonse, koma ngati kukana pempho sikumuika m'mavuto pomwe kuvomera kungamuchotsetse ntchito, adzakana basi.

Wowerenga malipoti:
Ndikugwirizana ndi a mlembi. Ku Australia, maboma anasainirana pangano la Closing the Gap, lofuna kuthetsa kusiyana kwa moyo pakati pa eni nthaka ndi anthu ena, ndi mabungwe a eni nthaka otchedwa Aboriginal ndi Torres Strait Islander mu 2020, ndipo analonjeza kuti azipanga ziganizo limodzi. Mu 2024 bungwe lolangiza boma la Productivity Commission linapeza kuti nthambi zambiri za boma zikugwirabe ntchito mwachizolowezi. Kuitanira anthu ku msonkhano chiganizo chitapangidwa kale si kugawana mphamvu.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga a mlembi, mukanakhala inu mkulu wa nthambi, mukanayamba ndi kusintha malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kapena njira younikira ntchito ya antchito anu?