Zowonjezera pa funso la anthu odzipha pa njanji ku Japan

Funso n'loti: kodi n'zoona kuti makampani a sitima ku Japan amalipiritsa abale a munthu wodzipha pa njanji? Inde, lamulo limalola kampani kufuna chipukuta misozi pa sitima zochedwa ndi kubweza matikiti. Koma ngongoleyo imatsata chuma cha malemuyo, ndipo olowa m'malo akhoza kukana cholowacho kukhoti la za mabanja pasanathe miyezi itatu, ngongole n'kuwaphonya.

Pa siteshoni salengeza kuti munthu wadzipha. Amangoti "jinshin jiko", kutanthauza ngozi yokhudza munthu. Apaulendo amapatsidwa kakalata kotsimikiza kuchedwa kokaonetsa kuntchito. 

Mu 2009 kampani ya sitima ya JR East inaika magetsi a buluu m'masiteshoni a njanji ya Yamanote ku Tokyo pofuna kuchepetsa kudzipha. Kafukufuku wa 2013 anati magetsi otere anachepetsa imfazi ndi 84 pa 100, koma ena anatsutsa: magetsiwo ali kumapeto kwa pulatifomu ndipo amagwira ntchito usiku basi. Chodalirika ndi zitseko za m'mbali mwa pulatifomu, zomwe pa Yamanote zinayamba mu 2010 m'masiteshoni a Ebisu ndi Meguro. Vuto n'kulemera kwake, kofuna kulimbitsa pulatifomu kaye, komanso sitima zokhala ndi makomo pa malo osiyana.

Chiwerengero cha odzipha m'dziko lonse chinafika pa 34,427 mu 2003. Lamulo lopewa kudzipha linabwera mu 2006, ndipo mu 2019 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 20,169.